Chikuta M'nyumba ya Magalasi

Chimene chimayamba kubwera m'maganizo mwanga ndi ndodo yopukutira magalasi. Inali yaitali kuposa mayi, ya chitsulo chopepuka, kunsonga kwake kuli mphira wakuda wopingasa. Mayi akaikoka kuchokera pamwamba kutsika nayo pansi inkalira ngati kamwana ka mbewa, ndipo madzi a sopo ankatsetsereka n'kuwalowa m'mikono ya juzi. Ndodoyo tinaipeza itatsamira kuseri kwa chitseko tsiku limene tinafika. Mayi anaiyang'ana, n'kuyang'ana nyumba yonse, n'kufunsa kuti, "Nanga makoma ake adzamanga liti?"

Makoma ake anali omwewo. Nyumba imene ankakhala amalume inali yaifupi, ya denga lathyathyathya, itakhala pakati pa mitengo kumtunda kwa Silver Spring. Kumaso kwake kunali njerwa pang'ono ndi matabwa, koma m'mbali ndi kuseri konse kunali galasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Panalibe mpanda. Panalibe katani ngakhale imodzi. Nyumba zonse za mumsewu umenewo zinali zofanana choncho, ngati ana a mimba imodzi. Dzina la msewuwo sindilemba pano. Ndakalamba, koma sindinapuse.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amalume, achimwene awo a mayi, ankagwira ntchito ya boma la kwathu mumzinda wa Washington. Akazi awo, amene ndinkawaitana kuti azakhali, anali ndi pakati poyamba, ndipo mayi awo owabereka anali atamwalira kale. Ndiye amalume anatumiza matikiti awiri kuti mayi adzakhale nawo m'chikuta, masiku aja mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba osaonedwa ndi alendo mpaka mchombo wa mwana utauma n'kugwa. Ine ananditenga kuti ndizitumidwa, komanso kuti nditoleko Chingerezi. Bambo anali ku Joni. Mlongo wanga wamng'ono, amene anali atangosiya kuyamwa, anatsala ndi agogo kumudzi kwathu ku Dedza.

Tsiku lonyamuka, mlongo wangayo anakakamira chitenje cha mayi mpaka agogo anachita kumumasula chala chimodzichimodzi. Mayi anagwada n'kumuuza kuti, "Mchombo wa mwana ukangogwa ndikubwera. Mondokwa tidzadyera limodzi." Iye sanamve kanthu, ankangolira. Ine ndi amene ndinamva, ndipo ndinawasunga mawuwo.

Ndisanamizire nyumba ija. Inali yokongola. Tinafika nthawi yozizira, mitengo itayoyola masamba onse, koma pansi pa nyumbayo pankafunda ngati mwala umene wakhala padzuwa, chifukwa m'kati mwa simenti munadutsa mapaipi a madzi otentha. Ndinkayenda wopanda nsapato kunja kukugwa sinowo. Ndinkagona chagada pafupi ndi galasi n'kumaona sinowo ikutsika ngati ikufuna kundigwera kumaso, koma osandikhudza. Agologolo ankadutsa pafupi moti ndinkaona ndevu zawo. Dzuwa likatuluka linkalowa m'nyumba monse nthawi imodzi, osapempha.

N'chifukwa chake sindinadabwe chaka chatha pamene mwana wanga wamkazi, amene ndi nesi ku Rockville, anasiya nyumba zikuluzikulu zatsopano n'kukakamira kanyumba kakale ka mtundu womwewu. Anachita kulimbirana ndi anthu ena ambiri, achinyamata okhaokha, oti sanabadwe pamene nyumbazi zinkamangidwa. Iye akuti akatuluka shifiti m'zipinda zopanda windo amafuna aone mtengo ali pampando. Ndimamumvetsa. Ndimakhala naye momwemo, ndikulera ana ake. Koma ndinamuuza chinthu chimodzi chimene wogulitsa nyumba sanamuuze, chifukwa iwo amaonetsa nyumba masana. Madzulo mukangoyatsa magetsi, galasi limasanduka kalilole. Wam'kati amangodziona yekha. Wakunja amaona mpaka ndiwo zimene zili m'mbale. Mwana wanga anaseka n'kunena kuti ndimaonera kwambiri nkhani pa TV. Kuchipinda kwanga ndinapachika chitenje. Akachichotsa, ndimachibwezera.

Mwana wa amalume anabadwira kuchipatala, wamwamuna. Asanabwere naye kunyumba, mayi anayamba ntchito yawo. Mwini nyumba anali ataletsa kukhoma msomali paliponse, ndiye anamanga chingwe kuchokera pa chogwirira cha kabati kukafika pa chitseko, n'kupachikapo zitenje zawo zonse ndi mapegi. Zitatha anawonjezera nsalu zoyala pabedi. Anatseka chipinda cha azakhali ndi mbali imodzi ya pabalaza.

Amalume atabwera kuntchito anaima pakhomo chipewa chili m'manja. Anali munthu wa sukulu zambiri, wa tayi ngakhale Loweruka.

"Achemwali, kuno si ku Dedza. Azungu atiyesa tatsegula sitolo ya nsalu."

"Atiyese," anatero mayi, pegi ili kukamwa. "Mwana wa dzulodzuloli aonedwe ndi galu aliyense wodutsa?"

"Chipinda chokhacho basi. Pabalaza pano muchotse."

Mayi sanachotse, amalume sanaumirize, ndipo masiku oyambawo anali abwino. Ndinkapita kusukulu m'mawa, masana n'kumathamangira kunyumba kukaona mchombo. Mayi akamasambitsa mwana ndinkaima pambali pa beseni, maso ali pamimba pake. Unayamba wotuwa ndi wonyowa, kenako unada, unafota ngati phesi la dzungu. Ndinkaupempherera. Sindikudziwa ngati pali mwana wina amene anapemphererapo mchombo wa mnzake monga ndinachitira ine.

Tsiku lina amalume anabwera kunyumba dzuwa lili paliwombo, zimene sankachita. Sanavule jasi. Anazungulira nyumba yonse m'kati, akuyang'ana kunja, kenako anafunsa mayi ngati zitenje zina zatsala. Panalibe. Anatenga mabulangete, nsalu ya patebulo, mpaka mulu wa nyuzipepala zawo zimene sankalola munthu kuzikhudza. Mayi anaphika phala lamadzimadzi, ndipo amalume eniakewo, atapinda manja a shati yoyera, anamata nyuzipepala pagalasi lililonse limene linatsala, ngakhale timawindo tating'ono ta m'mwamba pafupi ndi denga, toti munthu sangasuzumirepo popanda makwerero. Foni inayamba kulira. Anaiyang'ana mpaka inasiya. Italiranso anaivundikira ndi pilo.

Kuyambira tsiku limenelo sanapitenso kuntchito. Inenso anandiletsa sukulu, ati ndingabweretsere mwana chimfine.

Mchombo unagwa m'mawa wina, mayi anaupeza m'thewera. Anaimba nthungululu yapansipansi, ya m'mano, kuopa kudzutsa azakhali. Anaukulunga m'kansanza koyera n'kuuika m'kabokosi ka machesi, chifukwa anali atapangana ndi azakhali kuti adzapita nawo kumudzi kukaukwirira kwathu. Ine ndinathamangira kwa amalume, amene anali pabalaza pamdima, wailesi ili pakhutu.

"Wagwa, amalume. Mchombo wagwa."

Anazimitsa wailesi. Mayi anali atafika kumbuyo kwanga, kabokosi kali m'manja.

"Sunagwe," anatero amalume.

"Achimwene, nanga uwu n'chiyani?"

"Ndati sunagwe. Aliyense akafunsa, mwana akadali m'chikuta." Kenako anandiloza ndi chala. "Iwenso wamva? Sunagwe."

Aliyense amadziwa kuti mchombo suchedwa. Wathuwo unakhala osagwa nyengo yonse yozizira.

Mmene tinakhalira miyezi imeneyo ndimakumbukira ndi mphuno kuposa ndi mutu. Matewera tinkawayanika pansi pofunda paja, ndipo nyumba yonse inkanunkha sopo ndi mkaka wosasa. Magalasi ankachita thukuta kuseri kwa nsalu, madzi n'kumayenderera, nyuzipepala n'kumamatuka m'makona, amalume n'kumazimatanso. Kuwala kunkalowa kudzera m'zitenje, ndiye m'mawa tonse tinkaoneka ofiira, masana achikasu. Mwana ananenepa, anayamba kumwetulira, koma analibe dzina, poti dzina limabwera mwana akatuluka. Tinkangomuitana kuti Mlendo. Tsitsi lake lobadwa nalo linakula mpaka kupotana kumbuyo kwa makutu. Azakhali ankalira akamayamwitsa, mwakachetechete, misozi n'kumagwera pamutu pa mwana.

Mayi sankadandaula. Ankangotchula za kumunda, osauza munthu, ali pasinki. "Pano akubandira." Patapita nthawi, "Pano chamasula ngayaye." Tsiku lina anangoti, "Mondokwa wayamba," n'kutseka mpopi, n'kukhala pansi pakhitchini pomwepo miyendo atatambasula.

Ine ndinali ndi kampata kanga, pamene zitenje ziwiri zinkalephera kukumana. Ndinkagona chafufumimba n'kuikapo diso limodzi. Pamenepo ndi pamene ndinaphunzira ntchito imene ndimaigwira mpaka lero. Ndinadziwa galimoto iliyonse ya mumsewu umenewo ndi nthawi imene inkabwera. Ndinadziwanso galimoto ina yakuda imene sinali ya mumsewumo, imene nthawi zina inkaima pakona injini ikulira, munthu osatsika. Mwina anali munthu wodikira chibwenzi chake. Kukayamba kuda, nyumba za anzathu zinkayaka imodziimodzi m'mitengo muja, ndipo ndinkaona mabanja akudya, bambo wina akuvina ndi mwana wake, mayi wina atakweza miyendo pampando akuwerenga, dziko lonse likumuona, iye osatembenuka n'komwe. Ndinkamusirira mayi ameneyo kuposa mmene ndinasiririra munthu aliyense wa ndalama. Ndimaganiza kuti chimene anthu amagula m'nyumba zimenezi si galasi ayi. Amagula kukhala pansi ngati mayi uja.

Aphunzitsi anga ankakhala mumsewu wachiwiri, m'nyumba ya mtundu womwewo. Anali atatiuzapo m'kalasi, akulankhula pang'onopang'ono kuti inenso ndimve, kuti nyumba za m'dera limenelo anazimanga kuti kunja kuzilowa m'kati, ndi kuti anthu oyandikana azikhala ngati a pabwalo limodzi. Masana ena anabwera. Anagogoda pachitseko, kenako anazungulira kuseri n'kugogoda pagalasi ndi mphete ya pachala. Anaitana dzina langa, akulipotoza monga ankachitira. Ndinaona nsapato zawo zaubweya pansi pa chitenje, pafupi moti pakanapanda galasi ndikanazigwira. Amalume anaika chala pakamwa. Aphunzitsi anasiya mbale yovundikira pakhonde ndi buku la zithunzi pamwamba pake. Amalume anati zisakhudzidwe. Sinowo inazikwirira, ndipo kwa masiku ambiri ndinkaona kachulu koyera pamene panali buku langa.

Mlendo amene sindimuiwala ndi mayi wina wakwathu, mkazi wa mnzawo wa amalume wa kuntchito. Asanabadwe mwana ankabwera kawirikawiri, ankaluka tsitsi la azakhali, ndipo ndi iye anandigulira jasi yanga yoyamba. Anafika ndi nkhuku yophika ndi kansalu ka mwana.

"Odi kuno. Tabwera kudzaona mlendo."

Mayi anatsegula chitseko pang'ono, n'kuimapo ndi thupi lonse. "Pepani, amayi, sanatuluke."

"Mpaka lero? Mchombo wake ndi wa waya?" Anaseka, mayinso anayesa kuseka. Koma maso a mayiyo anadutsa paphewa la mayi n'kukafika pamene tinkapachika majasi. "Nanga abambo? Kuofesi akuti akudwala."

"Akudwaladi."

"Kapena nawonso ali m'chikuta?" Anawerama n'kundipeza kuseri kwa mayi. Anatulutsa switi m'chikwama. "Iwe mwana wabwino sunama. Amalume ako ali m'katimo?"

Ndinayang'ana mayi, mayi anayang'ana pansi. Ndinali ndi mawu amodzi okha amene anandipatsa, ndiye ndinapereka omwewo.

"Mchombo sunagwe."

Mayiyo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandipatsabe switiyo, anasiya nkhuku m'manja mwa mayi, n'kumapita akuponda mosamala pa ayezi. Nkhukuyo amalume anaitaya. Mpaka lero sindidziwa ngati mayi ameneyo anachita kutumidwa kapena anangobwera ndi mtima wake wabwino. Anakalambira konkuno. Atamwalira ku Annandale ndinapita kumaliro, ndinaphika nawo, ndinaimba nawo, ndipo ndinabwerako ndisakudziwabe. Adzukulu anga amandifunsa m'Chingerezi chawocho chifukwa chake sindidya chakudya cha anthu a kutchalitchi ndisanaone wina akudya. Ndimawauza kuti ndi m'mimba.

Kenako kunayamba kufunda. Madzi ankadontha kuchokera padenga tsiku lonse. M'mawa wina kunabwera mzungu wachikulire wa chikwama chachikopa, ndipo amalume anavala suti n'kupita naye. Anabwerera masana, nkhope itamasuka koma itakalamba. Anaima pakati pa balaza n'kunena kuti, "Achemwali, mutulutseni mwana."

Anakoka chingwe okha. Zitenje zinagwa pansi mulu umodzi, ndipo kuwala kunatimenya m'maso mpaka mwana analira. Nyuzipepala tinazikanda ndi mipeni, zina zinasiya zilembo zake pagalasi. Mayi anameta mwana, amalume anamupatsa dzina. Ine anandiuza kuti ndivale jasi ndikasewere kunja.

Miyendo yanga inali itaiwala dothi. Ndinathamanga kuzungulira nyumba, ndinaponda m'matope dala, ndinakumbatira mtengo waukulu wa kuseri. Nditatembenuka ndinaona zonse za pabalaza, monga anthu ankationera kale tisanatseke. Amalume anali chiimire, akulankhula, dzanja likuloza kumtengo kumene ndinali. Mayi anali atagwira kabokosi ka machesi pachifuwa, akupukusa mutu. Kenako ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanaonepo. Mayi anagwada pamaso pa achimwene awo, osati kugwada kwa ulemu kopereka madzi, koma kugwada kogwira miyendo. Amalume anayang'ana kudenga. Azakhali anatembenukira kukhoma ndi mwana. Pakamwa pa mayi pankatseguka kwambiri, koma kunja kuno ndinkangomva madzi akudontha ndi mbalame. Galasi la nyumba zimenezi ndi lochindikala.

Zimene zinanenedwa m'katimo ndinazitola pang'onopang'ono, zaka zambiri pambuyo pake, chifukwa mayi sanakhalepo pansi kuti andifotokozere. Amalume anali ataitanidwa kumudzi ndi boma mwadzidzidzi. Masiku amenewo munthu akaitanidwa choncho, si onse ankafika pakhomo pa amayi awo. Iwo anakana kupita, anabisala kuseri kwa chikuta cha mwana wawo mpaka atapeza wowathandiza kupempha malo m'dziko lino. Ndipo mchemwali wa munthu wothawa, amene wakhala naye m'nyumba imodzi nyengo yonse, akanatsika ndege n'kupeza omudikira. Mwina amalume anapulumutsa moyo wa mayi. Mwina ankangofuna wolera mwana. Ndaziganiza mbali zonse ziwiri kwa zaka zoposa makumi asanu, ndipo onse amene akanandiyankha anapita.

Nyumba ija inali ya ntchito, ndiye masamba asanayoyokenso tinali titasamukira m'chipinda cha pansi pa nyumba ina, cha windo limodzi loonetsa mapazi a anthu odutsa. Mayi anayamba kukolopa m'nyumba za eni, kenako kusamalira okalamba. Mlongo wanga uja mayi anadzamuonanso ali ndi ndevu ndi ana atatu. Anawagwadira bwinobwino, n'kuuza ana akewo kuti apereke moni kwa amayi a ku Amereka. Nyumba ya magalasi ija ikadalipo. Inagulitsidwa posachedwapa, ndipo ndinamva kuti Lamulungu limene anaitsegula kuti anthu aione, mzere unafika mpaka kumsewu.

Koma tsiku limenelo ine ndinali pansi pa mtengo, matope ali mpaka m'mawondo. Mayi anatuluka okha, opanda jasi, kabokosi kali kudzanja lina, supuni yaikulu yachitsulo kudzanja linalo, poti m'nyumbamo munalibe khasu. Anandipatsa kabokosi kuti ndigwire, n'kugwada pakati pa mizu iwiri. Pamwamba dothi linali lofewa, lakuda, lonunkha masamba owola. Pansi pake linali likadali louma ngati njerwa, ndipo supuni inapindika. Anaiwongola pabondo n'kupitiriza.

Ine pakamwa sipanatseke. Ndinawauza kuti jasi yanga ndikampatsa mlongo wanga, ingomukulira pang'ono. Ndinawauza kuti ngati mondokwa watha tikadya chokazinga. Ndinafunsa ngati ndege yake ikhale yomwe ija. Mayi anatenga kabokosi, anatulutsa kansanza, anakaika m'dzenje, n'kubwezera dothi ndi manja. Atamaliza anapitiriza kulisisita ndi chikhatho, pang'onopang'ono, monga amachitira pamsana pa mwana woti agone.

"Mayi, tinyamuka liti?"

"Kasambe m'manja."

Ndinali wamng'ono, koma ndinkadziwa zimene mwana aliyense wa kwathu ankadziwa, kuti mchombo amaukwirira kwawo kwa munthu. Ndikupita kumpopi ndinayang'ana amalume kudzera pagalasi, ali chiimire pomwe paja, ndipo ndinawamvera chisoni. Ndinaganiza kuti sukulu zawachulukira mpaka aiwala chinthu chaching'ono chotero, ndi kuti mayi akulira chifukwa cha manyazi. Sindinadziwe kuti sanaiwale.